Kalata yotseguka: Pomwe mbava ikufika ndi sipanala, chigawenga chingafikenso

Kwa Olemekezeka Nduna ya Zachitetezo cha M'dziko, Nduna ya Zamtengatenga, Nduna ya Zamagetsi, Mkulu wa Apolisi, Mkulu wa Asilikali, a Meya a mzinda wa Blantyre ndi aphungu athu onse a ku Nyumba ya Malamulo,

Zikomo mabwana ndi madona, ndagwada. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo pamodzi ndi mabanja anu. Ife kuno ku Chirimba tadzuka, Mulungu akutisunga.

Ine ndine dalaivala wopuma ntchito. Zaka zanga zambiri zinathera pachiwongolero cha mathiraki ndi mathankala, msewu wa Mwanza, Tete mpaka ku Beira kapena ku Harare. Sindili m'chipani chilichonse, ndipo sukulu ya zachitetezo sindinapiteko. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi ndi ya aliyense amene amatsegula mpopi, kuyatsa babu kapena kukwera minibasi mumzinda uno. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundimvere moleza mtima.

Masabata angapo apitawo tinadzuka kuli zii, wailesi osalira, mababu osayaka. Tinangoti ndi kuzima kwa masiku onse kuja. Dzuwa litakwera, mwana wina amene amapita kusukulu anabwerera akuthamanga kudzatiuza kuti thiransifoma yagwetsedwa. Ndinapita kukadzionera ndekha. Inali pansi chagada, chivundikiro chili apo, mafuta atatayikira m'nthaka mpaka udzu wada bii, kopa yense wa m'kati atasololedwa. Pamatope panali mapazi a anthu osachepera anayi ndi mkukuluzi wa tayala la wilibala. Anthuwa sanagwire ntchito yawo mothamanga ayi. Anali ndi nthawi yomasula bawuti iliyonse, ndipo ankadziwa pogwira kuti moto usawatenthe. Nyumba yoyandikira ili poti mutha kuponya mwala nkufika. Tinakhala mumdima masabata atatu. Chigayo chinatseka, amayi nkumasenza chimanga kupita dera lina. Owotcherera zitsulo, ometa, ogulitsa mafirizesi, onse anakhala manja lende.

Patangopita masiku ochepa, ndikudutsa pamalo ena ogulira zitsulo zakutha, ndinaona kamnyamata ka zaka mwina 14 kakutsitsa thumba pasikelo. M'thumbamo munali zitsulo zija zimapana njanji kuti isasunthe, ndi mabawuti akuluakulu amene simungawapeze pa bedi kapena pa njinga. Ndakhala moyandikana ndi njanji zaka zambiri, sindingazisokoneze. Wogulayo sanafunse kanthu. Anayeza, nkuwerenga ndalama, mwana uja nkupinda thumba lake. Ndinapita kukanena ku ofesi ina yomwe sinditchula dzina. Anandifunsa dzina, mudzi, mfumu ndi nambala ya foni, kenako anati galimoto ilibe mafuta, ndibwerenso mawa. Pobwerera ndinali ndi mantha kuposa popita, chifukwa dzina langa linali litatsala papepala, chonsecho ogula zitsulo aja timakumana nawo pamsika tsiku ndi tsiku.

Zimenezi timangozitcha umbava, ndipo ndi umbavadi. Koma chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi: malo alionse amene mbava ya njala ikufikapo usiku ndi sipanala, nkugwira ntchito maola awiri popanda woiwopseza, munthu wofuna kugwaditsa dziko angafikeponso. Mbava ikufuna kopa wa pasikelo. Winayo adzafuna kuti mzinda wonse ukhale mumdima, sitima igwe ili ndi anthu, mipopi iume. Njira ndi yomweyo, ndipo mbava zatiwonetsa kale kuti ndi yotsegula.

Mwina wina anena kuti mdalayu akulota, Malawi ndi dziko la mtendere. Ndi zoona, ndipo ndimathokoza Mulungu. Koma ine ndinaona ndi maso anga momwe nkhondo ya eni ake imalowera m'mbale mwathu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndinali mnyamata wothandizira dalaivala pa msewu wa Tete. Tinkagona pa Zobue kudikira asilikali a ku Zimbabwe kuti atiperekeze pa mdipiti. M'mawa injini zonse zinkalira pamodzi, aliyense atapemphera m'chinenero chake. Lamulo linali limodzi: usaime. Tayala likaphulika, uziyendabe pa limu. M'mbali mwa msewu munali zigoba za mathiraki opsa, zina utsi ukadafuka, ndipo dalaivala wanga ankazitchula mayina a eni ake tikamadutsa, chifukwa ena anali anzake omwe anamwa nawo tiyi pa Mwanza. Kufikira lero fungo la matayala opsa limandibwezera kumeneko.

A Renamo, gulu lomwe linkamenyana ndi boma la Mozambique, sanafunike kuponda mu Blantyre kuti atipweteke. Anangowononga njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 njira zathu ziwiri zachidule zopita kunyanja yamchere zinali zitafa. Feteleza, mafuta, fodya ndi tiyi zinayamba kuzungulira ku Durban, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo unagwera pamutu pa mlimi ndi wogula mchere pagolosale. Asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ena sanabwerere amoyo. Nsanja zonyamula magetsi a ku Cahora Bassa zinagwetsedwa mazanamazana, damu lalikulu chotero nkukhala zaka zoposa khumi osatumiza magetsi ku South Africa. Othawa nkhondo amene tinawalandira anafika pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992, koma mu 2016 mfuti zinaliranso, madalaivala athu nkubwerera ku midipiti, ndipo pa Kapise ku Mwanza panadzaza anthu othawa. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinatsekereza mathankala panjira, ife kuno tikugona pamizere ya mafuta. Ndikudziwa kuti vuto la mafuta lili ndi mizu inanso, monga kusowa kwa ndalama zakunja, koma msewu ukatsekeka ngakhale uli ndi madola m'thumba sugula kanthu.

Lero kuli chinanso. Kuyambira mu Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira tawuni ya Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique sichinagone tulo. Mu Ogasiti 2020 zinalanda doko la tawuniyo nkuligwira chaka chathunthu. Mu Malichi 2021 zinalowa mu Palma, ntchito yaikulu ya gasi nkuima. Asilikali a ku Rwanda ndi a SADC anapitako chaka chomwecho, koma gulu la SADC linachokako mu 2024 moto usanazimiretu. Mu Seputembala 2022 zigawengazo zinawoloka nkulowa m'chigawo cha Nampula, nkupha sisitere wa ku Italy pa mishoni ya Chipene m'boma la Memba. Mabwana, tsegulani mapu muone pomwe pali Memba ndi pomwe pali Nacala, doko limene njanji yathu yodzera pa Nayuchi imakathera. Moto umapita komwe kwatsala tchire.

Sindikunena kuti zigawengazo zafika kuno, ndipo sindikufuna kuopseza anthu. Ndikunena kuti nyumba ya mnansi ikamapsa, wanzeru amatunga madzi nkuyang'ana denga lake. Madandaulo anga ndi awa.

Loyamba ndi la magetsi ndi madzi, chifukwa kuno ku Blantyre ziwirizi ndi chingwe chimodzi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi ambiri amene timamwa amapopedwa kuchokera pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, chokwera phiri, ndi makina oyendera magetsi omwewo. Sindikuwulula chinsinsi, mwana wa pulayimale amaphunzira zimenezi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinavutika ndi mdima kupitirira chaka. Imeneyo inali mvula, yopanda nzeru, yopanda chidani ndi munthu. Magetsi akazima nthawi yaitali mipopi imauma, amayi amatsikira ku Mudi, ku Nasolo ndi ku Naperi ndi zidebe, ndipo tonse tikudziwa zimene zimayandama m'mitsinje imeneyi. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Munthu wogwetsa nsanja imodzi ya magetsi kutchire amatha kupha mwana ku Ndirande amene sanamuonepo, ndiponso wodwala amene ali pa makina opumira ku Gulupu. Nsanja zimenezi zimadutsa m'minda ndi m'mapiri, ndipo zitsulo zake zopingasa zimamasulidwa nkukapezeka zasanduka mafelemu a mawindo ndi ngolo. Palinso ntchito ya mawaya akuluakulu ochokera ku Matambo ku Tete kudzafika pa Phombeya ku Balaka. Ndi chitukuko chabwino, koma adzawayang'anira ndani usiku?

Lachiwiri ndi la njanji ndi milatho. Sitima yochoka ku Limbe kupita ku Balaka ndi ku Nayuchi imanyamula anthu wamba, amayi a geni ndi madengu awo, ana a sukulu, odwala. Njanji yochotsedwa zopanira imaoneka bwinobwino ndi maso mpaka tsiku lomwe idzatseguke pansi pa sitima. Kale ndinkakumana m'mamawa ndi anthu oyendera njanji wapansi, nyundo paphewa, akugogoda nkumamvetsera. Masiku ano ndimatha miyezi osawaona. Pa milatho, zitsulo zotchinga m'mbali zikuzulidwa. M'tawuni zivundikiro za ngalande zikutha, zikwangwani za pamsewu zikusanduka mbaula, mabatire a magetsi a dzuwa a m'misewu akusowa. Ganizirani za mlatho wa Zalewa: wopita ku Lilongwe amadutsa pomwepo, thankala yochokera ku Mwanza imadutsa pomwepo. Pamwamba pali apolisi oyang'ana malaisensi ndi matumba a makala, ndipo ntchito imeneyo ndi yofunika. Funso langa ndi lakuti, pansi pa mlathowo amasuzumirapo ndani, ndipo kangati?

Lachitatu ndi la alonda. Katundu wa mabiliyoni timamusiya m'manja mwa bambo wachikulire wa chibonga ndi tochi yakutha mabatire, amene wayenda wapansi kuchokera ku Mbayani osadya, malipiro ake ochepa ndiponso ochedwa. Munthu wotero akabwera anthu asanu ndi zikwanje athawa, ndipo sindingamudzudzule. Akabwera munthu mmodzi ndi ndalama yoposa malipiro ake a mwezi, kuyesedwa kwake ndi kwakukulu.

Lachinayi ndi la malire ndi ziphuphu. Pano ndilankhula ngati munthu amene wadutsa pa zipata kambirimbiri. Ndinaona ndi maso anga, pa malo ena ofufuzira galimoto, thiraki yokutidwa ndi tenti ikudutsa popanda woikweza tentiyo, chifukwa dalaivala anapinda kangachepe m'kati mwa laisensi. Amene walandira ya fanta sadziwa chimene wadutsitsa. Lero ndi shuga wozembetsa, mawa ndi china. Njira zachidule za m'malire a Mwanza, Mulanje, Nsanje ndi Machinga amazidziwa ndi a kabaza onse. Mu Okutobala 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu pafupifupi 30 amene akuganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia. Anthu amenewa anali osauka ofuna moyo wabwino, Mulungu awalandire. Koma ngati anthu ochuluka chotero angalowe, kuyenda ndi kufa m'dziko muno popanda woona, ndiye kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kudutsitsa chilichonse bola ndalama. Ndipo masiku ano mpanda si wa waya wokha. Mu Febuluwale 2024 tinauzidwa ku Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta opangira mapasipoti alowereredwa ndi akuba a pa intaneti, ntchito nkuima. Makina oyendetsera magetsi, madzi, ndege za pa Chileka ndi malipiro a boma nawonso ali pa makompyuta.

Lachisanu ndi lakuti simutiuza kanthu. Mwina mapulani alipo m'maofesi mwanu, ndipo ndikumvetsa kuti zina za chitetezo sizilengezedwa pa wailesi. Koma ine nzika sindidziwa koimba ndikaona anthu achilendo akujambula kapena kukumba pafupi ndi payipi yaikulu ya madzi. Sindidziwa kokatunga madzi abwino mipopi ikauma sabata yathunthu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatiwonetsa ku Chilobwe ndi ku Soche kuti tsoka likagwa, oyamba kufika ndi anansi, ndi makasu ndi manja awo. Anthu amenewa ndiwo maso anu, koma simunawaphunzitse choyang'ana kapena kuwapatsa kokanena mopanda mantha.

Ndisanafike pa zopempha, ndichenjeze pa chinthu chimodzi chimene chili pamtima panga. Nkhani ya uchigawenga isasanduke chifukwa chosalira Asilamu, othawa kwawo kapena alendo ochita malonda. Ndagwira ntchito ndi madalaivala achisilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga, tadyera mbale imodzi pa Zobue, ndipo mmodzi anandikoka m'galimoto itagubuduzika. Ku Cabo Delgado, ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa m'midzi ndi Asilamu omwe. Mukayamba kugwira anthu chifukwa cha ndevu, mkanjo kapena kalankhulidwe, mudzatseka pakamwa anthu amene akanakuuzani zoona. Zigawenga zimakolola pomwe pali achinyamata osowa chochita ndi mitima yowawa, ndipo achinyamata otero tili nawo ambiri pa Wenela, ku Limbe ndi m'makwalala onse. Kamnyamata ka thumba la zitsulo kaja si mdani wa dziko. Koma amene wakaphunzitsa kuti bawuti ya njanji ndi ndalama wakaphunzitsanso kuti kakhoza kutumidwa.

Tsono, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Malonda a zitsulo zakutha alowe m'kaundula. Wogula aliyense akhale ndi chiphaso, alembe dzina ndi nambala ya chitupa cha unzika ya womugulitsa, ndipo apolisi ndi khonsolo aziyendera mabukuwo mosalengeza. Wopezeka ndi kopa wa thiransifoma, chitsulo cha njanji kapena cha nsanja ya magetsi atsekeredwe malo ake tsiku lomwelo. Mu 2024 munakhwimitsa chilango cha owononga katundu wa magetsi, ndipo tinayamika. Koma chilangocho chifike kwa bwana wa sikelo ndi mwini thiraki yonyamula, osangothera pa mwana wa wilibala. Komanso fufuzani m'nyumba mwanu momwe: womasula thiransifoma osapsa anaphunzira kwinakwake.

2. Malo amene moyo wa mzinda wapachikikapo, opangira magetsi, opopera madzi, nkhokwe za mafuta za ku Matindi, milatho ikuluikulu ndi bwalo la ndege, azilonderedwa ndi apolisi kapena asilikali ophunzitsidwa, okhala ndi galimoto ndi zolankhulirana, usana ndi usiku.

3. Pakhale nambala imodzi yaulere, yaifupi, yoyankhidwa nthawi iliyonse, yomwe munthu anganene zimene waona osafunsidwa dzina kapena mudzi. Ilengezedwe m'Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitumbuka, pa wailesi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti.

4. Midzi ndi madera amene njanji, mapayipi ndi mawaya akuluakulu amadutsamo apatsidwe gawo. Lembani achinyamata a komweko ntchito yoyendera ndi kulambula, alipidwe pa nthawi yake kudzera m'njira yoonekera, mafumu ndi apolisi a m'madera akudziwa. Munthu sagulitsa chinthu chimene chikumudyetsa mwezi ndi mwezi.

5. Malipiro ndi zipangizo za alonda a katundu wa boma ziwunikidwe, ndipo kampani yolephera kulipira alonda ake ilandidwe ntchitoyo.

6. Malo opopera madzi ndi zipatala zikuluzikulu zikhale ndi magetsi apadera odalirika, oyesedwa kawirikawiri, ndipo nkhokwe za mafuta zizikhala ndi mafuta. Khonsolo ya mzinda itiuze, dera ndi dera, kokapeza madzi abwino mipopi ikauma masiku ambiri.

7. Wa pa chipata kapena pa msewu wopezeka akulandira chiphuphu achotsedwe ntchito ndi kuimbidwa mlandu, osangomusamutsira ku boma lina. Ndipo zokambirana zanu ndi anzathu a ku Mozambique pa chitetezo cha njira za Nacala, Beira ndi Tete zizifikanso kwa madalaivala, chifukwa ndiwo amagona m'misewu imeneyo.

8. Aphungu afunse nduna, ndipo kamodzi pachaka Nyumba ya Malamulo iuzidwe poyera kuti ndi mathiransifoma angati abedwa, milandu ingati yafika kukhoti, ogula angati amangidwa, ndi ndalama zingati zapita pobwezeretsa.

Kwa inu anzanga amene mukuwerenga kalatayi pa foni, itumizeni kwa khansala ndi phungu wa kwanu, ndipo muwafunse kuti achitapo chiyani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Thiransifoma yathu ija anaibwezeretsa. Ife eni dera tinakhala pansi nkusonkherana, khomo lililonse kangachepe pamwezi, ndipo tinalemba anyamata awiri oti azigona pafupi nayo. Tinawagulira tochi, mawezulo ndi majasi a mvula. Usiku wa Lachiwiri ndi Lachisanu ndimakhala nawo ineyo, ndi mawondo anga owawawa, mpaka tambala woyamba. Kuchokera pomwe timakhalapo timaona njanji ikulowa mumdima, ndipo kumeneko kulibe aliyense. Ngati mmodzi wa inu, mabwana, angafune kudzaona yekha, abwere usiku wina popanda mdipiti wa galimoto. Mpando tidzamupatsa, ndi tiyi wa mufulasiki.

Ine wanu wokhulupirika,
Dalaivala wopuma ntchito,
Chirimba, Blantyre